Kodi ndisinthanitse mamendulo a agogo a KAR ndi bereti ya SAS?

Mdzukulu wa ku Domasi:

Akuluakulu a pabwalo lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za yunifolomu ndi zizindikiro zakale za usilikali. Ndili ndi bokosi lachitsulo la malemu agogo anga aamuna, omwe anali msilikali wa bataliyoni yachiwiri ya King's African Rifles (KAR). M'bokosimo muli mamendulo anayi, atatu a nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndi imodzi yomwe ili ndi kachitsulo kolembedwa kuti Malaya, dziko lomwe lero ndi mbali ya Malaysia. Mulinso chipewa chachikulu chopinda mbali imodzi, lamba, kabuku komwe anapatsidwa potuluka usilikali, ndiponso chithunzi chimodzi chomwe anajambulitsa ndi anzawo awiri.

Zinthu zimenezi zinandipatsa chidwi chofuna kusonkhanitsa zina, makamaka za magulu apadera a asilikali, ndipo pa Facebook ndakumana ndi bambo wina wa ku South Africa yemwe amagulitsa zoterezi. Iwo ali ndi bereti ya mtundu wa mchenga yokhala ndi baji ya SAS (Special Air Service, gulu lapadera la asilikali a Britain), pamodzi ndi shati ya mawangamawanga, ndipo akuti zonsezi anazipeza kwa msilikali wa C Squadron, nthambi ya SAS ya ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero), yemwe anazivala ku Malaya m'chaka cha 1952. Sakufuna ndalama, koma akuti tisinthane: iwo anditumizire bereti ndi shati, ine ndiwatumizire mendulo ya Malaya ndi kabuku kaja, pakuti akuti mamendulo atatu otsalawo adzakwanira kukumbukira agogo.

Mafunso anga ndi awa. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti chovala cha gulu lapadera ndi chenicheni? Kodi kusinthanaku n'koyenera? Ndipo zinthu zomwe ndili nazo kale ndizisunge motani, popeza chipewa chayamba kudyedwa ndi njenjete?

Wosonkhanitsa wa ku Leeds:

Achimwene, musatumize chilichonse. Nkhani yomwe bamboyo akufotokoza ikutsutsana ndi mbiri ya gulu lomwe akulitchulalo, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

N'zoona kuti amuna pafupifupi 100 a ku Southern Rhodesia anapita ku Malaya mu 1951 motsogozedwa ndi Peter Walls, ndipo anakhala C Squadron ya gulu lomwe poyamba linkatchedwa Malayan Scouts lisanakhale 22 SAS. Anabwerera kwawo mu 1953. Koma pa nthawi imeneyo asilikali a SAS ankavala bereti yofiirira ya asilikali a maparachuti, yomwe analamulidwa kuvala kuyambira mu 1944, ndipo ya mtundu wa mchenga inabwereranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amuna a ku Rhodesia aja atachoka kale. Shati ndiyo ikuulula bodza kwambiri. M'nkhalango za Malaya ankavala zobiriwira zopanda mawanga, pamene nsalu ya mawangamawanga ya ku Rhodesia inayamba kuvalidwa chapakati pa zaka za m'ma 1960. Zinthu ziwirizo mwina zingakhale za msilikali wa C Squadron ya m'zaka zam'tsogolo, pakuti gululo linakhazikitsidwanso ndipo linatha mu 1980, koma sizingakhale za 1952. Wogulitsa amene walakwitsa chaka ndi zaka zoposa khumi, kaya mwadala kaya mosadziwa, sayenera kukhulupiriridwa pa zina zonse zimene wanena.

Mudziwenso kuti pa zinthu zonse za usilikali, za magulu apadera ndizo zimapangidwa zachinyengo kwambiri. Magulu monga SAS, yomwe David Stirling anaikhazikitsa mu 1941, kapena Long Range Desert Group ya Ralph Bagnold, anali ndi amuna ochepa, koma ofuna zinthu zawo ndi ambirimbiri, choncho mitengo imakwera ndipo onyenga amapezerapo mwayi. Bereti wamba yakale ndi yotsika mtengo, ndipo munthu akangosokererapo baji yopangidwa posachedwa, amaigulitsa ngati chuma. Ife tikafuna kugula timayang'ana kaye mkati mwa chovala, momwe mumakhala kansalu kapena chidindo chosonyeza dzina la kampani yosoka, saizi ndi chaka, ndipo pa katundu wa boma la Britain pamakhalanso chizindikiro chonga mutu wa muvi. Timayang'ana ngati ulusi wosokera baji wakalamba mofanana ndi nsalu, ndiponso ngati pansi pa bajiyo nsalu yasunga mtundu wake woyamba pamene kwina konse yafwifwa ndi dzuwa. Ena amaunikira ndi tochi ya UV, chifukwa ulusi wambiri wamakono umawala pamene wakale suwala, ngakhale kuti njira imeneyi yokha si yokwanira. Chomwe chimathetsa mkangano ndi umboni wolembedwa: dzina la msilikali, nambala yake, mapepala ake, kapena chithunzi chomuonetsa atavala chinthucho. Afunseni bamboyo dzina ndi nambala ya mwini bereti, muone mmene adzayankhire.

Tsopano taonani chifukwa chake asankha zinthu ziwirizo mwa zonse za m'bokosi. Mamendulo a nkhondo yachiwiri, monga 1939-45 Star, Burma Star ndi War Medal, boma la Britain linkawapereka opanda dzina, ndipo alipo ochuluka kwambiri, kotero paokha mtengo wake ndi wochepa. Mendulo ya Malaya ndi General Service Medal, ndipo imeneyo ili ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali m'mphepete mwake. Mukaitembenuza mwina mupeza nambala yoyamba ndi zilembo DN, monga zimakhalira pa mamendulo ambiri a asilikali a ku Nyasaland. Mendulo imeneyo pamodzi ndi kabuku ndizo zikuchitira umboni kuti zina zitatuzo ndi za agogo anu. Mukazichotsa, mudzatsala ndi zitsulo zitatu zomwe palibe angatsimikize kuti zinali za yani, pamene iwo adzagula nyenyezi zina (mamendulo a Star aja) zopanda dzina pamsika, n'kuziphatikiza ndi mendulo yanu, n'kugulitsa zonse pamodzi ngati za munthu mmodzi.

Ine sindinena kuti kugulitsa n'kulakwa, chifukwa mabanja amakumana ndi zovuta ndipo zinthu zina zimasamalika bwino m'manja mwa osonkhanitsa kusiyana ndi m'nyumba yodontha. Koma wogulitsa agulitse zonse pamodzi, ataona kaye mitengo yomwe zinthu zofanana nazo zinagulidwa m'nyumba zogulitsira pa okishoni monga Noonans ndi Spink za ku London, zomwe zimasunga zotsatira zake pa intaneti.

Bambo wa ku Mbare, Harare:

Zonse zomwe anena a ku Leeds ndagwirizana nazo, kupatula mawu omalizawo, ndipo ndikufuna kuwonjezera mbali ina yomwe osonkhanitsa a kunja sakonda kuitchula. Makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ndipo ine ndinakula nkhondo ya ufulu ili mkati. Nsalu ya mawangamawanga imeneyo kwa anthu a kuno si chokongoletsera nyumba. C Squadron ya zaka za m'ma 1970 inali ya azungu okhaokha, ndipo inali m'gulu la omwe anaukira Chimoio ku Mozambique mu November 1977. A Selous Scouts, gulu lina lapadera la asilikali a Rhodesia, omwe mabaji awo amagulidwanso kwambiri, ndiwo anaukira msasa wa Nyadzonya mu August 1976, kumene kunafa anthu oposa 1,000. Abale a anthu amenewo akadali moyo. Sindikuletsa kuti zinthu zimenezi zisungidwe, pakuti mbiri yowawa iyeneranso kukhala ndi umboni wake, koma wozisunga adziwe chomwe wagwira m'manja ndipo azifotokoza zoona kwa ana omwe adzazione. Ambiri mwa ogula zovala za Rhodesia masiku ano amazigula chifukwa chokonda ulamuliro womwe unkazivala, ndipo n'chifukwa chake nsaluyo ikupangidwabe yatsopano m'mayiko ena.

Mwana wanga, mukufunafuna asilikali apadera kutali pamene mbiri yomwe ili m'bokosi lanu siichepa. Bataliyoni yachiwiri ya KAR inamenya nkhondo ku Tug Argan, ku Somaliland, mu August 1940. Mu 1944 asilikali a ku Nyasaland anali mu 11th East African Division, yomwe chizindikiro chake chinali mutu wa chipembere, ndipo anadutsa chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula yamphamvu, m'matope ndi malungo, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin. Pambuyo pake mabataliyoni onse awiri a ku Nyasaland anatumizidwa ku Malaya, m'nkhalango zomwezo zimene a C Squadron ankayendamo. Za azungu 100 aja zalembedwa zambiri, mayina awo amadziwika, pamene amuna zikwizikwi a kwathu ambiri a iwo sanasiye ngakhale chithunzi. Mukafuna kusonkhanitsa, sonkhanitsani za amenewa, chifukwa zikachoka m'dziko sizibweranso. Ine ndinganene kuti za agogo anu si zanu nokha zoti mugulitse kapena kusinthanitsa. Funsani kaye amalume anu ndi azakhali anu.

Mayi wosamala zinthu zakale, Blantyre:

Ine ndiyankha funso lachitatu, chifukwa njenjete sizidikira kuti zokambirana zithe. Chotsani chipewa m'bokosi lero lomwe, muchisese ndi burashi yofewa panja pamthunzi, makamaka m'mipindiro momwe mumabisala mazira. Ngati muli ndi firiji yoziziritsa kwambiri, chikulungeni m'pepala, muchiike m'jumbo yomata bwino, muchisiye m'chipinda chopangira ayezi kwa sabata ziwiri, ndipo mukachitulutsa musatsegule jumboyo kufikira chitafunda chokha, kuti chinyezi chisalowe m'nsalu. Pambuyo pake chisakhalenso m'pulasitiki, pakuti m'nyengo ya dzinja pulasitiki imasunga chinyezi ndipo chuku chimamera. Chikulungeni m'nsalu yoyera ya thonje yochapidwa bwino, muikemo mapepala oyera mkati kuti chisaphwanyike. Nyuzipepala musagwiritse ntchito chifukwa inki yake imadetsa. Musachichape ndipo musachisite.

Mamendulo musawapukute ndi Brasso, phulusa kapena mchenga, ngakhale akuoneka akuda. Kupukuta kumadya chitsulo pang'onopang'ono, ndipo zomwe zimayamba kufufutika ndi zilembo za m'mphepete zomwe a ku Leeds anena. Nsalu youma yofewa ndi yokwanira. Maliboni akale musawataye ngakhale atang'ambika, ndipo mendulo iliyonse ikhale payokha kuti zisakhulane. Bokosi lachitsulo likachita dzimbiri limadetsa nsalu, choncho muyalemo nsalu ina pansi ndipo lisakhale pa simenti kapena pafupi ndi khoma lonyowa. Kabuku ndi chithunzi zikhale mu envulopu yawoyawo, kutali ndi dzuwa, popanda selotepi kapena guluu, ndipo musazimate pulasitiki ya pamakina monga timachitira ndi masatifiketi, chifukwa ikamatidwa sichokanso.

Chofunika kuposa zonsezi ndi kulemba. Jambulani chinthu chilichonse kutsogolo ndi kumbuyo, ndi tsamba lililonse la kabuku, kenako mukhale pansi ndi achikulire a m'banja omwe anawamva agogowo akusimba, mulembe mudzi wawo, mfumu yawo, chaka chomwe analembedwa usilikali ndi mayina a anzawo awiri a pachithunzi ngati alipo owakumbukira. Mukatero mukhoza kukafufuza ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, kuno ku Blantyre. Popeza muli pafupi, kaoneninso chipilala cha KAR ku Zomba, kufupi ndi Cobbe Barracks.

Ndikuchenjezeninso pa zinthu ziwiri. Mukayamba kugula m'midzi mudzapatsidwa zipolopolo kapena mabomba akale ngati zikumbutso. Musazigwire, dziwitsani apolisi, chifukwa zina zimaphulika ngakhale patapita zaka zambiri. Ndiponso zovala za mawangamawanga musazivale poyera, pakuti asilikali athu salola kuti anthu wamba azivala zofanana ndi yunifolomu yawo, ndipo ku Zambia ndi ku Zimbabwe kulinso malamulo oletsa zimenezi.

Mdzukulu wa ku Domasi:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana m'mphepete mwa mendulo ya Malaya ndipo dzina la agogo lilipodi, pamodzi ndi nambala yofanana ndi ya m'kabuku. Bambo aja ndawafunsa dzina la mwini bereti, ndipo akuti banja lake silifuna kuti litchulidwe, choncho ndawauza kuti kusinthana kwalephereka. Ndatsala ndi funso limodzi kwa a ku Leeds. Mnansi wathu wina ali ndi mendulo ya agogo ake aakulu yokhala ndi kachitsulo kolembedwa kuti Nyasaland 1915, ndipo akufuna kuigulitsa. Kodi imeneyi ndi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse?

Wosonkhanitsa wa ku Leeds:

Imeneyo ndi Africa General Service Medal, ndipo kachitsulo ka Nyasaland 1915 kanaperekedwa kwa omwe anatenga mbali pothetsa kuukira kwa John Chilembwe kumayambiriro kwa chaka chimenecho, osati pa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani ku Karonga. Ndi mendulo yosowa, ndipo ikukhudza mbiri ya dziko la Malawi mwachindunji, choncho mnansi wanuyo asafulumire kuipereka kwa aliyense wongofika ndi ndalama m'manja. Aone ngati dzina ndi nambala zili m'mphepete, aone ngati kachitsuloko sikanachite kuwotchereredwa pambuyo pake, ndipo asanaganize zoitumiza kunja akafunse kaye ku Museum ya ku Chichiri za malamulo oteteza zinthu zakale. Ngati angalole, jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe muli zilembo, mutumize zithunzizo pano kuti tiziwerenge limodzi.