Agogo osaona ndi mdzukulu wolumala: Mtukula Pakhomo alowamo bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwa T/A Mwambo ku Zomba kuli agogo a zaka 78, maso anafa, ndipo akulera mdzukulu wolumala miyendo. Pakhomopo palibe wogwira khasu. Tiyambire pati kuti azilandira nawo Mtukula Pakhomo, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja osaukitsitsa?

Yankho loyamba:
Achimwene, ukalamba wokha kapena ulumali wokha sulowetsa munthu. Iyi si penshoni. Amayang'ana banja lonse: likhale losaukitsitsa, komanso lopanda munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena ngati alipo, akhale akusenza anthu oposa atatu. Agogowo akukwanira ndithu, koma amatenga mabanja pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, ndiye ena oyenera amatsala.

Khomo lake ndi UBR, kaundula wa boma wa mabanja amene amasankhiramo olandira thandizo. Fufuzani kaye ngati banjali linalembedwamo. Yambani ndi a CSSC, komiti ya m'deralo yoona za Mtukula Pakhomo, kenako ku ofesi ya Social Welfare ya khonsolo ya boma la Zomba. Tengani chitupa cha unzika cha agogo. Ngati alibe kapena chinatayika, a NRB, opereka zitupa za unzika, ndiwo oyamba.

Yankho lachiwiri:
Pomwe ambiri amagwera ndi tsiku la kalembera. Okalamba amatchula ana awo onse, ndi amene ali ku Blantyre kapena ku Joni omwe, poti kwathu kuno mwana sachotsedwa pa mndandanda wa mayi ake. Pa pepala banjalo limaoneka ngati lili ndi anthu ogwira ntchito, basi lagwa. Olembedwa akhale okhawo ogona pakhomopo ndi kudya za m'poto mmodzi. Ulumali wa mdzukuluyo unenedwe momveka, osabisa mwana m'nyumba. Wachibale akhalepo tsikulo, chonde.

Amfumu sasankha okha mayina, amawerengedwa pa msonkhano wa mudzi. Kulembetsa n'kwaulere, wina akapempha kangachepe, kanene ku komiti ya madandaulo.

Wofunsa:
Zikomo. Nanga poti agogo sangayende, ndalama azikatenga ndani? Ndipo ndi zingati?

Yankho loyamba:
Amaloledwa kulembetsa wowalandirira, koma asankhe okha munthu amene amamukhulupirira. Komwe amalipira pa foni, dzina la pa simu lifanane ndi la pa chitupa, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana ndalama zimatha kuima. PIN isapatsidwe kwa ejenti. Kuchuluka kwake kumatengera anthu a pakhomo, ndipo mwana wa sukulu amawonjezeredwa yake, wa sekondale kuposa wa pulayimale. Choncho mdzukuluyo ngati sali pasukulu, mulembetseni.

Yankho lachitatu:
Musawalonjeze agogo kuti mwezi wa mawa alandira. Mabanja atsopano amalowa nthawi yosankhanso, osati tsiku lililonse. Podikira, pemphani a Social Welfare alembe nkhani ya mwanayo payokha, makamaka za njinga ya olumala, ndipo dzina la agogo lipite kwa a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuti lisaphonye chimanga cha nthawi ya njala.