Masitazi ya ku Chilwa: ndizame pa matemba okha kapena ndisakanize?

WakuJali: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndikuyamba masitazi ndiye ndimafuna kafukufuku wanga akhale wa ku nyanja ya Chilwa poti kwathu nchakonko. Supavaiza wanga akuti ndingoona za matemba basi, kaswanidwe kake ndi mchere wa m'madzi, koma ine ndikuona ngati nkhani ya Chilwa singathere pa nsomba, nyanja ija inauma 1995, inaphwanso 2012 ndi 2018, ndiye pali za mvula, mitengo yomwe yatha m'mapiri, masikimu a mpunga omwe amapatutsa madzi a mitsinje ya Domasi ndi Likangala. Iwo akuti ndikagwira zonsezi ndizangonyambita paliponse. Zoona?

Nachisale_Bt: Achimwene mverani supavaiza. Masitazi ndi zaka 2, ndalama zopitira ku field zimathera pa mafuta a boti. Ine ndinasakaniza za madzi ndi za chikhalidwe cha anthu, tsiku la difensi examiner wina akuti masampulo achepa, winayo akuti mafunso anga kwa anthu ndi osazama, aliyense kundiyeza ndi muyeso wa kwawo. Makorekishoni anandidyera chaka chathunthu, mpaka pano ndikamva mawu oti methodology mutu umandiwawa kkkk

Che Jafali: Ine ndikutsutsako pang'ono. Kumbukirani kolera ya 2016 ku Chilwa komweko. Katemera wakumwa uja amafunika kawiri, koma asodzi amakhala pa zimbowera, timisasa toyandama tija, pakati pa nyanja masabata ambirimbiri osatsika kumtunda, ndiye dozi yachiwiri uwapeza kuti? A zaumoyo anachita kuwapatsa kuti anyamule akamwe okha konko. Nzeru imeneyo siyochokera mu labu ayi, inafuna munthu odziwa mmene msodzi amakhalira, amakocheza liti padoko la Kachulu, amamvera ndani. Dokotala yekha akanangokhala padoko ndi cooler box yake kudikira anthu osabwera.

Nachisale_Bt: Eya bambo, koma pamenepo panali timu, aliyense ndi chake chomwe anazama nacho. Sanali mwana wasukulu mmodzi kusenza zonse pamutu.

Mphunzitsi_wa_Stats: Apa mayi mwalasa. Ma donor masiku ano proposal yopanda anthu a mbali zingapo sayiyang'ana nkomwe, koma akamakuitana mu timu amafunsa kuti iwe wabweretsa chani. Komanso chigawanireni UNIMA mu 2021, a zaumoyo ali ku KUHeS, mainjiniya ku MUBAS, a zaulimi anapita kale ku LUANAR, ndiye co-supervisor wa mbali ina umachita kumusaka ndi makalata. WakuJali gwirani matembawo mpaka muwadziwe ngati ana anu, koma muikemo chaputala chimodzi chocheza ndi asodzi ndi amayi owamba nsomba, zinazo muzapange pa PhD.

WakuJali: Zikomo nonse. Chaputala chimodzicho mwina angalole, ndikawaonanso Lachiwiri. Koma Che Jafali, zocheza ndi asodzizo zimafunanso chilolezo cha ethics committee kapena ndingopita ndi kope langa?