Zometera ndevu: ndisunge chiti, ndisiye chiti?

Moni nonse abale anga, ndikupempha nzeru zanu. Ndimakhala ku Chitakale, ku Mulanje, ndipo ndimameta ndevu ndi lezala katatu pa sabata, koma kwa miyezi itatu tsopano pansi pa chibwano pakutuluka tiziphuphu toyabwa, tina tokhala ndi tsitsi lopindikira m'kati mwa khungu.

Ndili ndi zinthu zinayi: thovu la m'chitini, kirimu wa m'chubu wokhala ndi menthol, sopo wouma wopaka ndi burashi, komanso sopo wamba wosambira. Thovu la m'chitini limauma ndisanamalize tsaya limodzi, pamene kirimu uja amaziziritsa poyamba koma pambuyo pake khungu limatsala likuwotcha. Sopo wa burashi yekha ndiye akuoneka wofatsa, ngakhale amadya nthawi m'mamawa.

Ndasintha malezala, ndayamba kufewetsa ndevu ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, ndiponso ndasiya kumeta mosemphana ndi kumene tsitsi limamerera, koma tiziphuphu sitikutha.

Kodi inu amene munakumanapo ndi vutoli, mwa zinayizi ndisunge chiti ndi kusiya chiti? Nanga vuto lili pa sopo, kapena ndisiye lezala n'kuyamba kumeta ndi makina?