Injini ikutentha ndikamakwera kuchokera ku Thabwa

Akuluakulu odziwa za galimoto, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla yakale, ndimakhala ku Nchalo. Kuno kuchigwa, ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndimafika ku Ngabu mpaka ku Bangula singano ya kutentha ili pakati bwinobwino. Koma ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri opita ku Blantyre, singano ija imathamangira kofiira, madzi n'kumabwata m'kabotolo ka pambali.

Chivindikiro cha rediyeta ndinasintha, fani ikuzungulira. Oyilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, utsi woyera kulibenso, zizindikiro zija zoti head gasket (chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yapsa. Koma ndikafika ku Blantyre madzi amakhala atachepa pafupifupi theka la lita. Ndivomere kulakwa kwanga: kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuthira madzi a pamjigo, amchere aja, osati coolant, madzi amankhwala oziziritsira injini.

Makaniko wina akuti tingochotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, eti kuno n'kotentha kale, koma mtima wanga ukukana. Kodi mcherewo ungakhale utatseka timapaipi ta rediyeta, kapena ndi water pump? Nanga head gasket ndingaiyese bwanji pakhomo ndisanamasule injini? Loweruka ndili ndi ulendo wa ku Limbe.