Mwana wanga wa miyezi 10 akuti akapimidwenso: tipite kapena tidikire?

Membala wosadzitchula dzina: Makolo anzanga ndi inu azachipatala muli pagulu pano, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere. Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 10 ndipo anabadwa masiku asanakwane, mimba ili ndi masabata 33. Kusikelo anamwino anandifunsa ngati amacheuka ndikamuitana dzina, ngati amatulutsa mawu monga "bababa", komanso ngati amandiyang'ana m'maso ndikamamuseweretsa. Mwanayu amakhala tsonga popanda chomuchirikiza ndipo thupi likukwera bwino, koma ndi wachete kwambiri, ndipo ndikamumwetulira nthawi zambiri amapotolokera kumbali n'kumayang'ana zala zake. Atilembera kalata yoti akaonedwe ndi dokotala wa ana.

Bambo ake akuti tidikire akwanitse zaka ziwiri, chifukwa ana sakula mofanana, ndipo akuopa kuti mwanayu apatsidwa dzina la matenda limene lidzamukakamira moyo wake wonse. Mantha awo ndikuwamvetsa, pakuti nanenso ndili nawo. Kodi n'zotheka kuona vuto la maganizo kapena la kakulidwe pa khanda losakwana chaka?

Namwino wa ana: Mayi, pitani naye. Mafunso amene anakufunsaniwo sapeza matenda. Ntchito yake ndi kupatula ana oyenera kuonedwa mofatsa, ndipo ambiri mwa iwo amakapezeka kuti alibe vuto lalikulu. Popeza wanuyu anafulumira ndi masabata 7, msinkhu woyezera kakulidwe kake ndi miyezi 8 ndi masabata ochepa, ndipo kuchotsera kumeneku timakuchita mpaka mwana atafika zaka ziwiri. Mukawakumbutse adokotala zimenezi. Choyamba chimene ndingapemphe ine ndi chakuti amupime makutu, chifukwa mwana amene sakumva bwino sacheuka akaitanidwa ndipo amachedwa kutulutsa mawu, komanso ana obadwa msanga ndiwo amapezeka kawirikawiri ndi vuto limeneli. Akatswiri amalangiza kuti khanda lipimidwe makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Mukadikira zaka ziwiri, nthawi imene ubongo umaphunzira chiyankhulo mwachangu idzakhala ikupita.

Bambo wa ana atatu: Mukawauze bambo anzangawo kuti palibe dokotala wosamala amene anganene kuti mwana wa msinkhu umenewo ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, pongomuona kamodzi. Mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pofufuza zizindikiro zake, anawakonzera ana a miyezi 16 mpaka 30. Bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti mwana aliyense, ngakhale wooneka wabwinobwino, apimidwe kakulidwe pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndiponso za autism pa miyezi 18 ndi 24. Zoti ana sakula mofanana n'zoona: kafukufuku wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa mu 2006 anaonetsa kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Koma kuchedwa kuyenda ndi nkhani ina, kusabweza kumwetulira kwa mayi ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi ine sindingaidikire.

Mlangizi wa zamaganizo: Ndiloleni ndikufunseni mwaulemu, mayi: inuyo mumtima muli bwanji chibadwire mwanayu? Sindikufunsa kuti ndikupezeni chifukwa. Khanda limatha kudzipatula, kuchepetsa kulira ndi kuleka kuyang'ana anthu likamamva ululu, likamavutika kuona kapena kumva, ndiponso pamene wolilera wafooka ndi matenda a nkhawa ndi chisoni obwera pambuyo pobereka. Dokotala wa ku France, Antoine Guedeney, anakonza njira yotchedwa ADBB yoonera kudzipatula kotere, ndipo amayang'ana nkhope ya mwana, maso ake, mawu ake ndi mmene akuchitira ndi munthu amene akumuyankhula. Amayi nawo ali ndi mafunso awo 10 otchedwa a Edinburgh, ofufuzira matenda a nkhawa ndi chisoni aja. Mayi akathandizidwa, nthawi zambiri mwananso amasintha.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse. Funso lanu, alangizi, landigwetsa misozi, chifukwa tulo sindikuona ngakhale mwana atagona, ndipo palibe amene anandifunsapo zimenezi. Ndiye ndikafika kwa adokotala ndikafotokoze bwanji, poti mwanayu akaona anthu achilendo amangoti zii?

Namwino wa ana: Mujambuleni pa foni kunyumba, muli naye maso ndi maso: muitaneni dzina muli kumbuyo kwake, bisani nkhope ndi manja n'kuitulutsa, ndipo akatulutsa mawu mumuyankhe n'kudikira kuti abweze. Mulembenso ngati pali chimene ankachita kale koma tsopano wasiya, pakuti chimenecho adokotala amachifulumizira kuposa zina zonse. Za tulo tanuzo mukazinene tsiku lomwelo, ndipo ngati kungatheke bambo ake apite nawo kuti akadzifunsire okha zimene akuopa.