Za chithunzi changa cha filimu chimene chinasiya kuwala usiku

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene chithunzi changa cha filimu, chimodzi mwa 150 zokha zimene zinasindikizidwa, chinasiyira kuwala mumdima. Ndikuthokoza nonse amene munandilangiza. Inki yake sinawonongeke ayi: inki yotereyi imayamba yamwa kuwala kenako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono, koma ine ndinachipachika pakona ya chipinda pamene sipafika kuwala kokwanira. Nditachiunika ndi tochi kwa mphindi zingapo, chinawalanso mobiriwira ngati kale. Padzuwa sindichiika, poopa kuti mitundu inayo ingafwifwe. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, pakuti kuseri kwa pepala kwayamba kutuluka timadontho ta nkhungu, moti ndayamba ndachichotsa pakhoma.