Nyumba yozizira ku Mufakose, mumzinda wa Harare, tiyambire pati?

NaPhiri_Mufakose:
Abale, June wayandikira. Nyumba yathu ilibe siling'i, pansi ndi simenti, ndalama n'zochepa. Tiyambire pati kuti ana asamagone akunjenjemera?

Mmisiri_Highfield:
Mayi, yambani ndi mipata, hita ibwere pambuyo. Madzulo yatsani kandulo muiyendetse m'mphepete mwa zenera ndi chitseko, kutali ndi makatani. Pomwe lawi likugwedezeka ndi pomwe mphepo ikulowera. Pansi pa chitseko ikanipo sokosi yaitali yodzaza mchenga wouma. Putty (chomatira galasi la pazenera) akagwa pagalasi, palani wakaleyo kaye musanamate watsopano, apo ayi sagwira. Siling'i mukaikwanitsa, yambani ndi chipinda cha ana chokha, poti mpweya wofunda umathawira kudenga.

AgogoMbare:
Mwanangu, simenti ndi imene imayamwa kutentha. Yalani makatoni, mphasa pamwamba, kenako matiresi. Mabulangete a kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare amatsikirako mtengo. Limodzi mulipachike pazenera. Muzilichotsa dzuwa likatuluka, n'kulibwezera cha m'ma 4 koloko chisanu chisanalowe.

Mmisiri_Highfield:
Agogo anena zoona. Za hita: ya 2000W imadya mayunitsi 2 pa ola, ndiye werengerani nokha. Botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo likuposa hita. Koma mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala atayaka bwino opanda utsi. Mpweya wake sununkha, munthu amangofooka ali m'tulo. Makamaka mukatseka mipata yonse ija, timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma musatimate.